Musafufute

Kombi yoyamba ya ku Dzivarasekwa imanditula kusanache,
ndowa, nsanza, makiyi khumi ndi awiri.
Ntchito yanga ku Mount Pleasant
ndi kufufuta zimene anzeru analemba dzulo.
Lero pakona pa bolodi a Dokotala Mutengwa asiya mawu:
musafufute.

Ndi mtengo wa choko, wopanda masamba,
mphanda zokhazokha,
kunsonga iliyonse dzina lothyola lilime.
Pambali ajambula mwini wake:
khosi ngati la nyamalikiti, mlomo wopanda dzino,
phiko la chikopa lopachikidwa pa chala chimodzi,
chachinayi, ichi chovala mphete,
chitatalika mpaka kuiwala dzanja.

Dzana ndinamvetsera ndikukolopa pakhonde.
Si mbalame, iwo anatero. Si mleme.
Kwa ng'ona ndi chibale cha kutali,
choonerana pamaliro.
Mnyamata wina anafunsa: nanga uyu, wa nthambi iti?
Adokotala anaseka, nafufuta ndi chigongono,
namusamutsira mphanda ina.
Fupa limodzi la m'khosi likapezeka mawa, anati,
banja lonse lidzasamukanso.

Ndinaimitsa chokolopera.

Atate anachoka ku Ntcheu wapansi,
nadzakwatira mwana wa ku Seke.
Kwao kwa atate mwana ndi wa kuchikazi,
kwao kwa amayi mwana ndi wa kuchimuna.
Ine ndinagwera pakati ngati ndalama pamng'alu wa simenti.
Kuofesi ya zitupa anandiyang'ana mphumi,
nandilembera chilembo cha mlendo
mumzinda umene unakwirira mchombo wanga.

Iwe wa chala chachitali,
unauluka kusanakhale wokufunsa mfunda.
Mafupa ako anali amphako, opepuka,
n'chifukwa chake nthaka inasunga ochepa,
ndipo ochepawo ndiwo akukanganitsa anthu a magalasi.
Za ife nazonso zatsala zochepa:
sutikesi ya malata, chithunzi chodyedwa ndi njenjete,
mawu asanu ndi limodzi amene mdzukulu wanga amadziwa.

Ndapukuta mawindo, ndatola mapepala a maswiti.
Fumbi la choko lagwa lokha pansi pa mtengowo,
ndasesa limenelo.
Kunsi kwenikweni, kumene mizere yonse ikumana,
adokotala sanalembe dzina,
angoika chizindikiro cha funso.
Ndayandikiza chala changa chachinayi,
osakhudza.
Panja ayamba kale kugogoda,
kiyi wa chipinda chino ndi uja wopindika.