Lachisanu Lisanathe

Kalata inandipeza pa foni, ndili pamzere wa chapa ya ku Ulongwe,
pa Moatize, fumbi la malasha lili m'mano.
Akuti: ntchito zanu taziona, zatisangalatsa,
mutiyankhe Lachisanu lisanathe.
Ndinawerenga katatu.
Kondakitala anakuwa kuti kwatsala malo amodzi,
ndinakwera foni nditaifumbata ngati dzira.

Dzina la kampaniyo aliyense ali nalo m'thumba.
Ngakhale a Gervásio ogulitsa mbuzi kufupi ndi mlatho
amalidina m'mawa uliwonse
osadziwa kuti lili ndi khomo,
kuti kuseri kwa khomolo kuli anthu pamipando,
ndipo mmodzi akhoza kukhala ine,
Ludovina, mwana wa wokonza mawailesi.

Malipiro ake ndinawasintha kukhala mametikali
pachikuto cha kope la masamu la mng'ono wanga.
Maziro anasefukira m'mphepete mwa pepala.
Ndinaseka ndekha, kenako manyazi anandigwira
ngati ndasuzumira kuchipinda kwa eni.

Bambo salankhula zambiri. Anavula magalasi.
"Unawaona mawaya aja ochokera ku Songo?
Amadutsa pamwamba pa midzi, akung'ung'udza usiku wonse,
kukawalitsa mizinda ya ku Joni.
Pansi pake anthu akuyatsa koloboyi."
Sananene kuti usapite.
Anaweramiranso wailesi ya eni, utsi wa mtovu ukukwera.

Koma bambo, ndinafuna kutero,
madzi okana kulowa m'makina aja
amangotsetsereka mpaka kunyanja
osayatsa ngakhale babu limodzi.
Mawuwo ndinawameza.

Ndili ndi kapulogalamu kanga, kakang'ono,
kouza alimi a mbatatesi ku Tsangano mtengo wa lero ku Tete
kuti mavenda asawadyere masuku pamutu.
Okagwiritsa ntchito alipo mazana atatu ndi khumi ndi anayi.
Ambiri ndimawadziwa mawu.
Kakafa, Mayi Felizarda amandiimbira,
ndipo amayamba ndi kufunsa za chimfine changa.
Uko akuti zolemba zanga zidzafika kwa anthu mamiliyoni,
koma palibe amene adzafunse za chimfine.
Palibenso amene adzandilipire ndi thumba la kabichi
pamene mwini nyumba akufuna ndalama.

Mnzanga Belarmino analowa ina yotere zaka ziwiri zapitazo.
Anamangira mayi ake nyumba ya malata ku Domwe.
Tsiku lina anadzuka, kompyuta yakana kumutsegulira,
ndi mmene anadziwira kuti ntchito yatha.
Akuti ndipitebe.
Akuti nyumba ija sinagwe.

Pafomu yawo pali pofunsa zilankhulo.
Chipwitikizi chilipo, Chingerezi chilipo.
Chimene ndimalotera ndachisaka mpaka pansi pa mndandanda,
ndangopeza kabokosi kolembedwa kuti "zina".
Mwina n'chifukwa chake ndiyenera kupita,
ndikakhale m'kati, ndikatsegule zenera.
Mwinanso ndi mmene aliyense amadzinamizira
akamalongedza chikwama.

Lero Lachinayi, ndabwerera ku Tete.
Kutentha kwa kuno sikugona, ndayala mphasa pakhonde,
ndikutafuna masau ouma, njere ndikulavulira mumdima.
Zambezi akudutsa chapansipo, alibe nazo ntchito.
Ndalemba mayankho awiri,
onse akuyamba ndi "Zikomo kwambiri".
Lina ndi lalifupi. Linalo ndalifufuta kasanu n'kulilembanso.

Magetsi azima.
Batire latsala pa naini.
Chala chili m'malere pamwamba pa galasi, foni ikulira:
Mayi Felizarda.
Akuti mtengo wa mbatatesi sukuoneka
ndipo lole inyamuka mbandakucha, matumba amanga kale.
Ndikuti dikirani pang'ono mayi, ndikonze.
Akuti chabwino mwanawe,
nanga chimfine chija?