Tsamba la Mkuyu

Magetsi anazima naini koloko itangokwana.
Izmir yense anangoti bii,
kupatula sitima ya ku Karşıyaka
yomwe inkadulabe madzi ndi nyali zake
ngati palibe chachitika.
Ine ndinatsala dzanja lili pa mausi,
tiyi atazizira m'kagalasi,
ndipo lebulo ya nkhuyu zouma za bambo Tuncay,
thukuta la masiku anayi,
ili penapake mumdimamo.

Mtima sunagunde kwenikweni.
Pulogalamuyi imadzisungira yokha
mphindi khumi zilizonse.
Ndinkauza aliyense zimenezo,
monyada, ngati ndinaipanga ndine.

Atayaka, sikirini inandifunsa mwaulemu:
kodi mukuifuna ntchito munasiya ija?
Ndinavomera. Inabwera.
Zilembo zofiirira zinalipo,
nkhuyu zitatu zinalipo,
imodzi yong'aluka pakati, njere zili mbuu.
Koma tsamba panalibe.

Tsamba limenelo ndinalithyola ndekha ku Tire,
kuseri kwa nyumba ya azakhali a Şükran,
n'kulijambula Lolemba lonse,
mtsempha umodziumodzi,
mpaka kachibowo komwe mbozi inadya.

Ndinatukwana kampani ya magetsi.
Ndinatukwana kompyuta.
Kenako ndinakumbukira, ndipo manyazi anandigwira pakhosi.
Cha m'ma sikisi ndinalifufuta ndekha, dala,
kuti ndione ngati lebulo ingapume bwino popanda ilo.
Ndimati ndilibwezera ndikadya.
Ndinadya. Foni inalira. Ndinaiwala.
Ndipo wantchito wanga wokhulupirika uja,
wosafunsa, wosatsutsa,
ankabwera mphindi khumi zilizonse
kudzalemba kupusa kwanga pamwamba pa luso langa,
kakhumi ndi kasanu n'katatu.
Njira yobwerera mmbuyo, ija ya batani limodzi,
inafera limodzi ndi magetsi.

Ndinafukula mafoda mpaka pakati pa usiku,
ngakhale aja a mayina a manambala okhaokha
amene munthu salowamo.
Monsemo ndinapeza nkhuyu zomwezo,
zamaliseche.

M'mawa ndinapita ku Kemeraltı maso ali psuu
kukapepesa kwa Ercan wosindikiza
kuti ntchito ichedwa.
Iye ankatafuna gevreki, nyenyeswa zili m'ndevu.
Anamvetsera osaleka kutafuna,
n'kupukuta zala pa epuloni,
n'kutsegula kabati ya chitsulo
momwe muli timadiski tomatidwa mapepala.
“Lachiwiri unanditumizira kuti ndiyese mitundu.
Ine sinditaya kanthu.”

Tsamba linatuluka pa sikirini yake yafumbi,
lobiriwira mopitirira pang'ono,
zilembo zikadali zakale, zija bambo Tuncay anakana,
koma mitsempha yonse ilipo,
ndi kachibowo ka mbozi.
Ndinakhala pansi pa mulu wa mapepala a ukwati wa eni.

“Chodzisungira chokhacho,” anatero Ercan,
“chili ngati mthunzi wako.
Ukagwa m'dzenje, nacho chigweramo.
Chimakumbukira pomwe waima pano basi.
Kope lenileni limagona nyumba ina,
silidziwa zomwe wachita lero,
ndiye chifukwa chake limakupulumutsa.”
Anandilipiritsa tiyi muwiri.

Sindinakwiyire mthunzi wanga.
Unandibwezera masiku awiri a zilembo
omwe Ercan analibe.
Ndinasoka ziwirizo pamodzi Lachisanu masana,
Lachiwiri la iye ndi Lachinayi langa,
msoko osaoneka.

Tsopano ndikamatseka ofesi
ndimasunga fayilo ndi dzina latsopano, tsiku lili kumapeto,
kope lina pa kadiski ka m'thumba la jekete,
lina kutali, pa makina omwe sindidzawaona.
Masiku ena ulesi umapambana, sindinama.

Mabokosi aja anakwera sitima mwezi watha.
Penapake munthu akutsegula limodzi,
akutaya chivindikiro osachiyang'ana n'komwe.
Tsamba lenileni lija lili m'kabuku kanga,
louma, lophwanyika m'mbali.
Nalonso sinditaya.