Belu Lathu Linali Limu ya Lole

Belu lathu linali limu ya lole,
lole imene inafera m'matope a Lunyangwa
itasenza njerwa za kalasi yoyamba.
Ankatero a Mzumara, mlonda wa pageti,
amene ankati dothi la njerwazo analiponda nawo
ndevu zisanawamere,
pano pakadali mitengo ya tangi yokhayokha,
asisitere atatu, nyali imodzi ya palafini,
ndi atsikana khumi ndi awiri olembera pabondo.

Ine ndinapeza malata atachita kale dzimbiri.
Ndinatsika basi ndi sutikesi yomanga ndi lamba,
lisiti la fizi mayi atalisokerera m'thumba la siketi,
ndalama za kaunjika wa miyezi isanu.
Chitumbuka sindinkachimva.
Suzgika, wa bedi lapamwamba, anandiphunzitsa "yewo"
nandibwereka juzi lobooka pachigongono.

Juni wa ku Mzuzu alibe chibale.
Limu ikalira kusanache
tinkathamangira kumpopi mano akugundana,
madzi akuluma ngati lumo,
chifunga chitameza mapaini, tchalitchi ndi mtanda womwe.
Pa Misa mpweya unkatuluka mkamwa ngati lubani,
korona m'dzanja, masamu m'mutu,
ena akuwodzera chogwada
mpaka Sisitere Nyausisya atakhosomola kumbuyo.

Nyemba zinali ndi alendo ake.
Tinkawaola anankafumbwe ndi supuni,
kuwandandika m'mbali mwa mbale,
Suzgika n'kumati nyama ya Lachisanu ndi yomweyi,
musawauze Abambo polapa.
Lachitatu la Phulusa tinkapikisana
kuti mtanda wa yani uchedwe kufufutika pamphumi.

Teremu yachiwiri ya Fomu 3
anabwera ndi buku lalikulu lija pamzere.
Maina a ongongole anawerengedwa mmodzimmodzi,
mphepo ikutembenuza masamba.
Suzgika anapinda bulangete osalira.
Amene anaimba limu tsikulo ndinali ine,
inali sabata yanga,
ndipo ndinaimenya mpaka chikhatho chinachita dzanzi.

Patapita milungu itatu anatulukira,
nsapato zili matope a ku Zolozolo.
Anamulipirira ndani sitinauzidwe.
Tinangoona kuti Sisitere Nyausisya
chaka chonsecho anayenda ndi magalasi othyoka mwendo,
omanga ndi ulusi wakuda.

Lero ndabwera ndi mwana wanga kudzalembetsa.
Pali labu ya makompyuta pomwe tinkalima kabichi,
belu ndi lamagetsi, limalira ngati foni.
Sisitere agona kuseri kwa tchalitchi,
dzina lawo layamba kudyedwa ndi ndere.
A Mzumara palibe akuwadziwa.
Suzgika ndi namwino ku Rumphi,
juzi lija sindinamubwezere mpaka pano.

Limu ndaipeza kuseri kwa khitchini,
yagona chagada m'udzu, yatunga madzi a mvula,
nkhuku za akuphika zikumwerapo.
Ndinatola mwala, ndinagogoda kamodzi.
Mawu ake aphwa, koma alipo.

Kamtsikana ka Fomu 1 kanasuzumira pawindo,
kolala yayikulu kuposa khosi,
nkundifunsa ngati ndataya chinachake.
Ndinati ayi, mwanawe, bwerera ku pulepu,
koma uvale juzi,
chifunga chayamba kutsika ku Kaning'ina.