Makalata Awiri pa Tebulo la Telala

Chitulukireni mayeso, Ndaziona sagona.
Foni ili pansi pa pilo, ikangolira wadzambatuka,
kupeza ndi uthenga woti bandulo yatha.
Ine kuseri kwa katani, pa makina anga akale,
ndimamva akutembenuka, ndichepetsa phazi pa chopondera.

Masabata atatu.
Matalala a ku Joni aboola denga lathu la ku Turffontein,
magetsi azima, abwera, azimanso.
Nasibeko akupukuta magalasi a eni ake ku Bassonia,
nthawi ya tiyi amaimba: kodi ayankha?

Lachiwiri inafika yoyamba.
Tinakaisindikiza kwa Msomali pa kona, marandi asanu,
poti ine chinthu chosapindika m'manja sindichikhulupirira.
Ya ku Braamfontein: masamu ako tawaona,
fizi yonse ndi yathu.
Pogona, chakudya, mabuku, udzionere wekha.
Lachisanu ya ku Auckland Park:
fizi tigawana pakati, koma bedi lilipo,
chakudya kawiri pa tsiku, laputopu pamwamba.

Yachitatu, imene tinkaidikira ngati bonasi ya Disembala,
inabwera itavala ulemu:
tikukunyadira, wakhoza mochititsa kaso,
koma thumba ili ndi la nzika zokha.
Mwana wobadwira ku South Rand,
mchombo wake unagwera mumsewu uno,
pepala lake likuti Ntcheu,
kumene anapondako kamodzi, pa maliro a amalume ake.
Sanalire. Anapita kukachapa masokosi oyera kale.

Usiku ndayala makalata awiri pa tebulo lodulira.
Zaka makumi awiri ndikuyeza ziuno za anthu,
nsalu yokongola koma yoperewera ndimaidziwa:
ukafunda phewa, bondo lili pamtunda.
Ndatenga choko.
Takisi kupita, takisi kubwera, masiku asanu, miyezi khumi,
kutsika ku Bree, mlatho awoloke wapansi,
nanga tsiku lotuluka mochedwa, mu Juni, kutada?
Mbali inayo theka la fizi:
mayunifolomu angati, mazipi angati,
madiresi angati a akwati osalipira pa nthawi yake?

Amayi ake akuti atenge bedi.
Mwana anawerengera m'bafa zaka ziwiri,
kandulo pa sinki, kuthawa phokoso la makina anu,
mumlole agone pamalo pamene chitseko ndi chake.
Iye akuti ayi, za madzi ndi madamu
amaphunzitsa bwino ku Braamfontein,
ndipo wationetsa timalemba ta pansi, tating'ono ngati nsabwe:
ukatsika pa sevente, thandizo latha.
Makalata onse awiri akutero.
Mphatso yake ili ndi chingwe, ngati mbuzi ya ngongole.

Ndikanamuuza za ine, Sitandade eyiti,
dzina langa pa chitseko cha ahedi, losankhidwa,
ndi ndalama ya basi imene sinapezeke.
Ndameza. Mtolo umenewo si wake.

Yankho likufunika Lolemba isanakwane thwelofu.
Lero Loweruka. Mvula yayambanso, beseni lili pakati pa chipinda.
Ndaziona waima pambuyo panga, akuwerenga choko changa,
mpweya wake ukununkha buledi ndi tiyi wopanda mkaka.
Kenaka wandilanda choko, mwaulemu,
monga mmene umalandira mpeni kwa mwana.
Ababa, apa mwaiwala kunyamula imodzi.
Wafufuta ndi chigongono, walemba mwina.
Kusiyana kwake kwachepa, koma sikunathe.

Taseka, mpaka a Chimkwezule chipinda chinacho agogoda khoma.

Sanatiuze kumene wasankha, ndipo sitinafunse.
Ndabwerera pa makina.
Pali jekete la buluu limene mwini wake sanadzalitenge chaka chatha,
ndikulifupikitsa manja,
ndikusokera kathumba m'kati, ka foni ndi ya takisi,
kapena ka kiyi wa chipinda,
muyezo wake ndi umodzi.