Khutu la pa Bondo

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinagwira ntchito pa pantoni
yowolotsa anthu kupita pachilumba chathu cha Fur,
kupita, kubwera, kupita, kubwera,
mpaka injini inandidya makutu.
Masiku ano Bodil akamayankhula
ndimamuwerenga milomo ngati mwana wa sitandade wani.

Nditapuma pantchito ndinagula kanyundo.
Kumpoto kwa chilumba kuli phompho la dothi loyera,
lopepuka, losanjikizana ngati zovala zositidwa,
lodulidwa ndi mizere yakuda ya phulusa
la mapiri amene anaphulika munthu asanalotedwe n'komwe.
Ndimang'amba miyala. Yambiri ilibe nkhani.
Ina imabisa kansomba kothyoka msana,
ndipo tinsomba totere ndadzaza nato mashelefu awiri.

Lachiwiri lina m'mwezi wa Malichi, zala zitauma gwa ndi chisanu,
mwala unatseguka ndisanaumenye kachiwiri.
M'kati munali kanthu kofiirira,
kosapitirira chala changa chaching'ono, ka mitsempha yambiri.
Ndi tsamba, ndinadziuza.
Koma tsamba lanji lokhala ndi mwendo pambali?
Ndi chipsepse cha nsomba, anatero Bodil, osasiya kusenda mbatatesi.
Thorkild wa nyumba yoyandikana nafe, amene sasowa yankho,
anati ndi nthenga, ndipo ndikalemera ndisamuiwale.

Mwalawo unagona milungu isanu m'chitini cha mabisiketi.
Ndinkaopa kusekedwa, ndinene zoona.

Kunyumba yosungiramo zakale ndinapeza Ragnhild Vestergaard,
wa msinkhu wa mdzukulu wanga, inki ili padzanja.
Anauika pansi pa makina okuza zinthu.
Khofi wanga anazizira. Wake sanamukhudze.
Kenako anayamba kuyankhula mofulumira, nkhope itazolika pa makina,
ine osamva ngakhale liwu limodzi.
Ndinaloza makutu anga. Anatenga pensulo.

Si tsamba, analemba. Ndi phiko la bwamnoni wamphongo.
Ankadzifanizira tsamba kuti adani amudutse.

Ndiye kuti kachilomboka kandipusitsa inenso,
patapita zaka mamiliyoni makumi asanu ndi mphambu zisanu!

Anandikokera mpando, ndinasuzumira.
Pafupi ndi phewa la phiko panali mzere wa timano,
tosanjana bwino kuposa ta chipeso.
Apa ankakhwekhwezapo phiko linzake, analemba, kuitana wamkazi.
Anasuntha mwalawo pang'ono chabe:
mwendo uja, ndipo pansi pa bondo kachibowo konga kambewu ka mapira.
Analemba mawu amodzi, nawadulira mzere kunsi.
Khutu.

Ndinaseka mpaka misozi, mwina mokweza kwambiri,
munthu wosamva sadziwa kuyeza mawu ake.

Nanga dzina lake ndani?
Anatsegula madirowa atatu, nafananitsa, napukusa mutu.
Mitsempha ikugawanika mosiyana ndi anzakewa.
Mwina ndi mtundu wodziwika umene mwala unaupinda,
mwina ayi. Upite ku Copenhagen akauone ena.
Miyezi, kapena chaka. Sindikulonjezani kanthu.

Ndinabwerera ndi chitini chopanda kanthu ndi kapepala ka nambala.
Thorkild anafunsa za ndalama. Ndinachita ngati sindinamve,
ndipo kamodzi kokhaka linali bodza.

Kalata sinabwere mpaka lero.
Tsopano ndi Ogasiti, udzu wa kuseri kwa nyumba watalika,
sindinaudule dala.
Dzulo usiku tinakhala pakhonde, Bodil anapendeketsa mutu.
Akuimba, milomo yake inatero, ndi ambiri.
Ine zii, ngati m'kati mwa mwala.
Atandiyang'ana kanthawi anasendeza mpando,
naika chala pabondo langa,
nayamba kugogoda, katatu, kupuma, katatu,
monga mmene iwo ankaimbira mu udzumo.