Mphindi Khumi ndi Zinayi

Foni yofiira yalira kanayi usiku uno kuno ku Doncaster.
Koyamba anali mayi wa sitiroko, pakamwa patapotokera kumanzere,
akuvutikabe kufunsa ngati wina wamutsekulira mphaka.
Kenako mtima wa mmisiri wa njanji.
Kenako khanda lotentha ngati simbi,
timadontho tofiirira m'miyendo
tokana kuzimirira ukatitsindika ndi tambula.

Kachinayi ndi uyu.
Gareth Pickersgill, zaka makumi anayi ndi ziwiri,
wagwa pamzere wogula tchipisi ku Balby
ndipo sanaleke kuphupha.
Amutsitsa mu ambulansi zidendene zikuombabe machira,
nsagwada zitalumana, maso atatembenuzika,
thovu lofiira likutsikira m'khosi.

Mwana wake, jekete ya sukulu pamwamba pa zovala zogonera,
akundilozera foni yake:
ndinayamba kuwerenga atangogwa,
ndinawagoneka cham'mbali,
ndinapinda sikafu pansi pa mutu,
sindinawaike kanthu m'kamwa.
Akulankhula ngati woyankha mayeso
koma chala chili njenjenje pagalasi.

Mtsempha wathawa.
Ndaufuna pamkono, ndaupeza kuseri kwa dzanja.
Dokotala Oyelaran akutchula mlingo mokweza,
ine ndikukankha mankhwala pang'onopang'ono,
diso ku wotchi ya pakhoma.
Malovu ake andigwera pamkono,
pomwe gulovesi yathera.

Ndi pamenepa pomwe Tsilizani amandipeza.
Mlongo wanga, pabwalo la sukulu ku Mponela,
akuphiriphitha m'fumbi, ife titamuzinga chapatali.
Ankati malovu ake ngopatsirana.
Ankati akaphwisa uli pafupi, basi, watenga khunyu.
Mphunzitsi anathamanga ndi supuni, namuthyola dzino.
Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi,
ndinatsina mphuno pamodzi ndi anzanga.
Atatsitsimuka, kabudula ali chonyowa,
anayang'ana nkhope imodziimodzi kufuna yanga.
Ndinali kuseri kwa mjigo.

Palibe anawerengapo mphindi zake.
Ngakhale Loweruka lija
anapita yekha kukachapa yunifolomu kudambo,
madzi olekeza m'mawondo.

Miyendo ya Gareth yayamba kufooka.
Kugwedezeka kukutalikirana
ngati madontho a padenga mvula ikamakata.
Kamodzi.
Kamodzinso.
Zii.
Mpweya wautali, wamkonono, walowa.
Mwana uja wadina foni kuti isiye kuwerenga,
ndipo tsopano, pomwe palibenso choti achite,
wakhala pansi penipeni nayamba kulira.

Mawa wina adzamuuza bamboyu za laisensi,
kuti vani yake ya mapaipi iyamba yaima pakhomo,
kuti asamadzitsekere m'bafa.
Pakali pano watsegula maso,
lilime lotupa, sakudziwa tsiku, sakudziwa malo.
Akuyang'ana nkhope imodziimodzi.

Ndaweramira pafupi, pafupi kwambiri,
mpaka mpweya wake ukundifunditsa tsaya.
Muli kuchipatala, bambo. Munagwa.
Imogen ali apa, taonani.
Anachita zonse bwinobwino.

Kusinki ndasamba mpaka m'zigongono,
poti ndilo lamulo la pano, la wodwala aliyense.
Sopo wachotsa malovu aja msangamsanga.
Ndaimabe, madzi akutayika,
dzanja lili pamalo pomwe anagwera.

Kunja kukuwaza kamvula kosanunkhira dothi.
Basi yoyamba yadutsa yopanda munthu, magetsi ali ngwee.
Foni yofiira yayambanso.