Kaundula wa ku Bangula

Dzina langa analidumpha.
Anaitana la Alufandika:
malata khumi, thumba la ufa,
munthu woponda m'tchalitchi pa maliro pokha.

Ine ndaliza belu ku Makhanga zaka khumi ndi zinayi,
chitsulo cha thirakitala chopachikidwa pa mtengo wa nimu.
Zakazo ndinakuwerengerani, Ambuye,
usiku wonse m'tenti, udzudzu ukuchitira umboni,
ngati wodula nzimbe ku Nchalo
ataima pawindo la malipiro.

Simunayankhe.

Madzi ataphwa ndinawoloka pa bwato.
Pomwe panali nyumba ndinapeza matope,
ndipo m'matopemo mpini wa khasu langa
utatulukira ngati dzanja.

Ndinalizula.
Anandiuza ndani kuti wokutsatani
madzi amamulambalala?
Si Inu. Ndinadzilembera ndekha lonjezo limenelo.

Mbewu ya mbatata ndinakapempha kwa Alufandika yemweyo.
Anandisenzetsa mtolo, osawerenga,
nandifunsa za chifuwa cha mwana.

Lamulungu belu silinapezeke,
linapita ndi Ruo.
Ndinagogoda khasu ndi mwala.
Anabwera anthu asanu ndi awiri, matope m'miyendo,
ndipo tinayamba.